Beseni la Mchenga

Lachitatu lililonse ndimavundikira tomato wanga ku Limbe dzuwa likadali pamutu,
n'kukwera minibasi ndi Lonjezo mpaka pa Ginnery,
iye pamiyendo panga ngati katundu wosalipira.
Zaka zisanu ndi chimodzi.
Miyezi inayi osatulutsa liwu.

Chichokereni usiku uja phiri la Soche linatsika
kudzagona m'nyumba za anthu,
mawu a mwana wa mkulu wangayu anatsala m'matope.
Tinapita naye kwa abusa. Anamusanjika manja.
Amalume ake anati, musiyeni, ndi mwamuna, alimba.

Ndiye tsiku loyamba nditasuzumira m'chipindamo ndinakhumudwa.
Ndinkayembekeza jakisoni, kaya mapiritsi,
koma munali mphasa, makrayoni oduka,
chidole chansalu chothothoka diso,
galimoto ya waya yosowa tayala limodzi
ndi beseni la mchenga.
Ndalama ya minibasi yonseyi kuti mwana adzasewere?
Mchenga ku Bangwe watha?

Mayi Namacha sanamufunse kanthu.
Munthu wamkulu ndithu, wa magalasi,
anavula nsapato n'kukhala pansi
ngati alibe kwina kopita mpaka chaka chamawa.

Sabata yoyamba mwana anangoyang'ana khoma.
Yachiwiri anatola chitsekerero cha botolo,
nachiika mumchenga, nachikwirira,
natsindira ndi chikhatho mpaka mkono kunjenjemera.
"Wachikwirira kwambiri," anatero mayi aja.
Basi.
Ine pabenchi panja, maso pazenera,
mtima ukukuwa: mufunsenitu kuti ndani!

Yachitatu, yachinayi, yachisanu,
chitsekerero chomwecho, dzenje lomwelo.
Kenaka anayamba kuthira madzi a m'kapu pamwamba pake
akulira ndi pakamwa mkokomo uja,
umene ine ndinauiwala dala,
wa miyala ikugubuduzika mumdima.
Ndinathawa. Ndinakaima pansi pa jakaranda
kuwerenga magalimoto opita ku Chichiri.

Lachitatu lachisanu ndi chitatu kunali chiperoni.
Anatenga galimoto ya waya ija,
naizunguliritsa beseni ikutsimphina,
naiimitsa.
Anafukula ndi supuni, pang'onopang'ono,
monga tifukulira mbatata kuopa kuitema.
Atachipeza anachipukuta pamalaya,
nachikweza m'galimoto, nachifunditsa kansalu.

"Akumva kuzizira."

Mawu osasa, ngati chitseko chokhala chotseka dzinja lonse.

"Akumva kuzizira," anabwereza mayi Namacha,
"ndipo iwe wamufunditsa."

"Ndi Esnati."

Esnati sitinamupeze.
Amayi ake tinawaika, iye tinamulira popanda bokosi,
ndipo palibe mmodzi wa ife akuluakulu
amene anagwada kumuuza mwanayu chilichonse.
Tinkati ndi wamng'ono, sakudziwa.
Kani iye ankakumba yekha usiku uliwonse
opanda ngakhale supuni.

Sindinene kuti wachira.
Mvula ikagunda malata amalowabe kunsi kwa bedi,
mphasa ndimayanikabe m'mawa anthu asanadzuke.
Sabata yatha anachikwiriranso chitsekererocho
n'kutuluka osachifukula.
Mayi aja anati nazonso n'zololedwa,
mchenga suthawa.

Koma pobwerera, kondakitala atatipitiriza siteji,
ndinamva kamawu pachifuwa panga:
"Otsika alipo!"
Minibasi yonse inaseka.
Ine ndinaiwala chenji.

Lachitatu lapitali tinafika mofulumira.
Lonjezo anathamangira makrayoni,
ine ndinakhala pamphasa kupumitsa miyendo,
ndipo sindikudziwa kuti chala changa chinalowa liti mumchenga.
Ndinazindikira nditajambula kale khomo,
zenera, ndi chingwe choyanikira zovala
chimene mkulu wanga ankachimanga motsika kwambiri
moti nsalu zinkakhudza pansi.

Mayi Namacha anaona.
Sanandifunse kanthu.
Anangosunthira beseni kumbali yanga pang'ono.